Kalata ya anduna kapena ya aphunzitsi a Fomu 4: yothandiza ndi iti polowa yunivesite yakunja?

Nyengo yodzaza mafomu a mayunivesite akunja ikafika, funso la makolo limakhala lomwelomwelo: "Tili ndi achibale ku Capital Hill, atamulembera kalata mwanayu sizingathandize?" Ena amatchula a MP akwawo, ena a bishopu, ena bwana wamkulu wa kampani. Pa zimene ndaona pothandiza ana kukonza mafomu amenewa, yankho ndi loti kawirikawiri sizithandiza, ndipo nthawi zina zimaononga kumene. Alipo malo angapo pomwe dzina la munthu limalemeradi, koma si malo amene ambiri amaganizira.

Nkhani ya kuno kwathu ndi yaifupi. Kulowa ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena Mzuni kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo chimene chimayang'anidwa ndi magiredi a MSCE: makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, komanso mmene mwakhozera maphunziro amene pulogalamu yomwe mwasankhayo ikufuna. Kalata ya munthu wamkulu ilibe pokhala m'menemo. Wina akakuuzani kuti "ndili ndi munthu mkatimo, ingopezani kenakake", dziwani kuti akufuna kukudyerani ndalama. Ku South Africa nakonso, pa digiri yoyamba mayunivesite ambiri amangoyang'ana magiredi. Kumene nkhani ya makalata oikira umboni, amene ambiri timangoti rekomendeshoni, inakula kwenikweni ndi ku America, ndiye tikhazikike kumeneko.

Makoleji oposa 1,000 amalandira fomu imodzi ya pa intaneti yotchedwa Common App. M'menemo muli malo a makalata amitundu itatu. Yoyamba ndi ya counselor, mlangizi wa pasukulu. Masukulu athu ambiri alibe udindo umenewu, choncho amalemba ndi ahedi, achiwiri awo kapena aphunzitsi oyang'anira kalasi. Yachiwiri ndi ya aphunzitsi amene anakuphunzitsani phunziro linalake, mmodzi kapena awiri malinga ndi koleji. Yachitatu ndi ya munthu wina wakunja kwa kalasi: mphunzitsi wa masewera, bwana wa kumene munagwirapo ntchito, abusa, kaya wina aliyense. Malo achitatuwa si okakamiza, koleji iliyonse imadziikira yokha kuti ilandira angati, ndipo ina silandira n'komwe. Kalata ya anduna ikhoza kulowera pa khomo lachitatuli lokha. Singalowe m'malo mwa ya aphunzitsi.

Makolejiwo amanena okha zimene akufuna, ndipo ndi bwino kuwamvera. MIT, yunivesite ya sayansi ya ku Massachusetts yomwe ili ndi fomu yakeyake, imafuna kalata imodzi ya mphunzitsi wa masamu kapena sayansi, ina ya mphunzitsi wa chiyankhulo, mbiri kapena maphunziro ofanana nawo, ndi ina ya mlangizi wa sukulu. University of California, komwe kuli Berkeley ndi UCLA, sipempha makalata pa nthawi yofunsira malo. Dartmouth imalimbikitsa kuti mnzanu wa msinkhu wanu akulembereni. Taganizani, sukulu yotchuka chotero ikufuna mawu a mnzanu wokhala naye desiki limodzi, sikufunsa za nduna ayi. Kuti mudziwe mmene koleji inayake imalemekezera makalata, lembani dzina lake pa Google pamodzi ndi mawu oti Common Data Set, mutsegule gawo C7. Mupeza mndandanda wa zinthu monga magiredi, nkhani yodzilembera, makalata ndi zina, chilichonse atachichonga kuti n'chofunika kwambiri, chofunika, chongoganiziridwa, kapena chosayang'anidwa.

Tsopano taganizirani munthu amene akuwerengayo. Ku Harvard amafunsira malo anthu pafupifupi 50,000 pa chaka, otengedwa amakhala pafupifupi 2,000. M'masukulu otere fayilo imodzi imawerengedwa kwa mphindi zochepa, kwina zosapitirira zisanu ndi zitatu pa kuwerenga koyamba, ndipo m'mphindi zimenezo muli magiredi a zaka zinayi, nkhani yanu, ntchito zakunja kwa kalasi ndi makalata onse. Magiredi wawaona kale, safuna kuti kalata imubwerezere. Akufuna zimene manambala sanena: mwanayu amatani zinthu zikamuvuta, amafunsa mafunso otani, anzake amapindula naye chiyani, akalowa m'kalasi mwathu adzabweretsamo chiyani. Mafunso amenewa angayankhe ndi munthu amene wamuona mwanayo tsiku ndi tsiku.

Makalata a akuluakulu amene ndawaona amafanana ngati analemba munthu mmodzi. Amakhala m'Chingerezi, koma tanthauzo lake limakhala ili: "Mwanayu ndimamudziwa kudzera mwa bambo ake, amene ndi mnzanga wa zaka zambiri. Akuchokera ku banja labwino ndi loopa Mulungu. Ndi waulemu, wolimbikira, ndipo adzathandiza pa chitukuko cha dziko lathu. Ndikupempha kuti mumuganizire." Pamwamba pali chizindikiro cha ofesi, pansi chidindo chachikulu ndi siginecha yokongola. Chikomekome cha mkuyu. Mutafufuta dzina la mwanayo n'kuikapo la wina aliyense wa m'boma lomwelo, kalatayo ingakhalebe yoona. Chiganizo choyamba chenichenicho chaulula kale kuti wolembayo akudziwa bambo, osati mwana.

Yerekezani ndi kalata ya mtundu uwu, yochokera kwa mphunzitsi wa pa CDSS amene dzina lake silinatulukepo m'nyuzipepala: "Ndamuphunzitsa Physics Fomu 3 ndi Fomu 4. M'kalasi munali ana pafupifupi 90 ndipo zipangizo za mu labu n'zosakwanira. Tikuphunzira za magetsi, iye anabwera ndi mabatire a tochi, mawaya ochotsa mu wailesi yakufa ndi kababu, n'kulumikiza kuti anzake aone kusiyana kwa series ndi parallel. Poyamba sikanayake. Anatsala anzake ataweruka mpaka anapeza kuti waya wina unali woduka mkati mwa pulasitiki. Teremu yachiwiri ya Fomu 3 magiredi ake anatsika chifukwa ankadwazika mayi ake kuchipatala, teremu yotsatira anabwerera pamwamba. Pa ana onse amene ndaphunzitsa zaka 14, ali m'gulu la atatu oyambirira." Kalata iyi yachita ntchito zinayi. Yafotokoza mmene sukuluyo ilili, yaonetsa mwanayo akuchita chinthu, yatanthauzira pamene magiredi anagwa, ndipo yamuyeza ndi ana ena. Kuyeza kumeneku n'kofunika kwambiri moti fomu ya aphunzitsi ya Common App ili ndi mabokosi ake ochonga, kuyambira wochepera pa anzake, wapakati, mpaka "mmodzi mwa ochepa opambana amene ndakumana nawo". A MP angachonge bwanji mabokosi amenewo?

Mayi wina amene anagwirapo ntchito yosankha ophunzira ku Dartmouth, Rebecca Sabky, analemba mu New York Times m'chaka cha 2017 kuti ofesi yawo inkalandira makalata ochokera kwa apurezidenti opuma, anthu otchuka ndi achibale a akuluakulu a sukuluyo, koma kawirikawiri sankawauza chatsopano chilichonse za mwanayo. Kalata imene inamukhudza inali ya munthu wosesa pasukulu ina ya sekondale, yemwe analemba kuti mnyamatayo ndi yekhayo amene ankadziwa mayina a osesa onse, ankazimitsa magetsi m'makalasi mopanda anthu, ndi kutola zinyalala za anzake ngakhale palibe womuona. Mnyamatayo anatengedwa. Musathamangire kwa alonda a pasukulu mawa m'mawa. Chimene chinagwira ntchito n'chakuti wolembayo anaona ndi maso ake.

Ndanena kuti nthawi zina kalata ya wamkulu imaononga. Imadya mphindi zimene wowerenga akanathera pa nkhani yanu. Imamupatsanso chithunzi cha mwana amene akudalira kudziwana m'malo mwa ntchito yake, ndipo kwa mwana amene akupempha thandizo la ndalama ponena kuti kwawo n'kovutika, kalata ya nduna imadzutsa funso limene simukanafuna kuti lidzuke. Komanso tinene zoona, wowerenga wa ku Ohio kapena Massachusetts sadziwa a MP a dera lanu. Dzina limene kumudzi anthu amaligwadira, kwa iye ndi dzina chabe. Choipitsitsa ndi pamene wamkuluyo watumiza kalata molunjika kwa purezidenti wa yunivesite, kudumpha ofesi yosankha ophunzira. Kumeneko kumaoneka ngati kukakamiza.

Si kuti ku America kulibe kukondera. Kulipo, koma ndalama yake ndi ina. Pa mlandu wa Students for Fair Admissions ndi Harvard, umene unazengedwa ku Boston mu 2018, zinadziwika kuti kunali mndandanda wotchedwa Dean's Interest List, wa ana amene mabanja awo ali pa ubale ndi anthu opereka ndalama zambiri ku sukuluyo kapena ena ofunika kwa iwo, ndipo mwayi wawo wotengedwa unali waukulu kutalitali kuposa wa ena. Akatswiri a zachuma amene anasanthula manambala a mlanduwo anapeza kuti oposa 43 pa 100 aliwonse a azungu otengedwa anali osewera masewera, ana a anthu amene anaphunzira pomwepo, ana a ogwira ntchito pasukulupo, kapena a pa mndandanda uja. Ku University of Illinois, nyuzipepala ya Chicago Tribune inaulula mu 2009 za mndandanda wa Category I, wa mayina pafupifupi 800 amene andale ndi akuluakulu ena anawakankhira m'zaka zisanu. Purezidenti wa yunivesiteyo, B. Joseph White, anatula pansi udindo. Mu 2020 ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma ku California inapeza ana 64 amene analowa University of California mokonderedwa.

Onani bwino amene anali ndi mphamvu m'nkhani zonsezi. Ndi munthu amene yunivesiteyo ikumufuna: wopereka mamiliyoni a madola, membala wa bodi yake, wandale amene amavomereza bajeti yake. Mphamvuyo simachokera pa kutchuka, imachokera pa zimene sukuluyo ingataye itamukhumudwitsa. Nduna ya dziko lina ilibe chingwe chimenecho. Ndipo zikatulukira poyera zimakhala manyazi, anthu amachotsedwa ntchito. Si njira yoti banja la ku Mchinji kapena ku Chipata likhale likuiwerengera.

Malo amodzi pomwe wandale amafunika mwalamulo ndi masukulu a usilikali monga West Point ndi Naval Academy ya ku Annapolis, kumene mwana wa ku America amayenera kusankhidwa ndi phungu wa Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, kapena akuluakulu ena ochepa otchulidwa m'malamulo. Wochokera kunja amadzera ku boma la dziko lake. Imeneyo ndi nkhani ina.

Pomwe dzina limalemeradi kwa ife ndi pa Masters ndi PhD. Kumeneko mafomu amawerengedwa ndi mapulofesa a dipatimenti, ndipo anthu a phunziro limodzi amadziwana. Ngati mukufunsira PhD ya matenda a malungo ndipo amene wakulemberani ndi wofufuza wodziwika amene munagwira naye ntchito ku Blantyre, wowerengayo mwina anawerengapo zolemba zake, mwina anakumana naye ku msonkhano, ndipo akhoza kungomutumizira imelo kufunsa kuti "mwana wanuyu ndi wotani kwenikweni?" Mawu a munthu woteroyo amakhulupirika chifukwa akaika umboni wabodza akuononga mbiri yake pakati pa anzake. Koma zinthu ziwiri ziyenera kukumana: akhale wodziwika m'phunziro lomwelo, ndipo akhale kuti anayang'anira ntchito yanu. Pulofesa wotchuka amene munangokhala m'kalasi yake ya anthu 300 amagonja kwa lekichala wamng'ono amene anayang'anira kafukufuku wanu wa chaka chomaliza ndipo akhoza kufotokoza mmene munasonkhanitsira deta. Masukulu ambiri a ku America amafuna makalata atatu pa mlingo umenewu. Sikolashipu ya Fulbright ya ku America nayonso imafuna atatu, ya Chevening ya ku Britain awiri. Pa masikolashipu amene amayang'ana utsogoleri, bwana amene amaona ntchito yanu sabata ndi sabata amaposa mkulu wa bungwe amene mumangopatsana naye moni pa masitepe.

Ku Britain, pa digiri yoyamba, zinthu n'zachidule. UCAS, kumene mafomu a mayunivesite a kumeneko amadzera, imalandira umboni umodzi wokha, wosapitirira zilembo 4,000, wochokera kwa mphunzitsi kapena wina wodziwa maphunziro anu, ndipo wachibale kapena mnzanu saloledwa. Khomo la kalata yowonjezera palibe. Chimene chimagwetsa ana athu ambiri kumeneko si kalata, koma kuti MSCE payokha mayunivesite ambiri saiona yokwanira, amafuna A-level kapena chaka cha foundation, chokonzekera digiri.

Ndiye muchite bwanji? Sankhani aphunzitsi a Fomu 3 kapena 4, kapena a A-level ngati munachita, amene anakuonani mukuvutika ndi kugonjetsa, osati amene munangopeza 1 m'phunziro lawo mosavutikira. Funsani mwaulemu koma molunjika: "Aphunzitsi, kodi mukuona kuti mukundidziwa mokwanira kuti mundilembere kalata yamphamvu?" Akazengereza, thokozani, pitani kwa ena. Kalata yolembedwa mwamphwayi imapweteka kuposa mmene ana amaganizira. Pemphani kutatsala masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Masiku otsekera amene muyenera kuwerengera chobwerera ndi 15 October ku Oxford, Cambridge ndi maphunziro a udokotala ku Britain, 1 November kwa ambiri ofunsira msanga ku America, masiku oyambirira a January kwa otsala, ndi chapakati pa January ku UCAS. Mwezi wa December aphunzitsi amakhala akuchonga mayeso kenako n'kupita kumudzi, ndiye amene wayamba kupempha pa 20 December wachedwa.

Apatseni tsamba limodzi lowakumbutsa: maphunziro amene mukufuna, masukulu ndi masiku ake otsekera, ndi zochitika zitatu kapena zinayi za m'kalasi mwawo zimene angakumbukire. Mphunzitsi wa ana mazana sangasunge zonse m'mutu. Afotokozereninso kuti iyi si testimonial ija ya "To whom it may concern" imene timalandira pochoka pasukulu. Ambiri anazolowera imeneyo, ya mizere isanu ya makhalidwe abwino, ndipo amaganiza kuti kulemba zambiri n'kudzitama. Tsamba limodzi lodzaza, kapena limodzi ndi theka, ndi lokwanira.

Kwa ahedi pali ntchito ina imene imaiwalika kawirikawiri, yofotokoza sukulu ndi kachongedwe kathu. Alembe momveka kuti pa MSCE giredi 1 ndiye yapamwamba, 9 ndi kulephera, kuti 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, ndipo kuti mapointi 6 pa maphunziro asanu ndi limodzi ndiye kukhoza kotheratu. Wowerenga amene sanaonepo satifiketi ya MANEB akhoza kuona ma 1 ndi ma 2 n'kuganiza zosiyana. Awonjezere kuchuluka kwa ana m'kalasi, nambala imene mwanayo ankakhala, ndi angati a pasukulupo amene amapita ku yunivesite pa chaka. Ndime imodzi imeneyi imagwira ntchito kuposa zidindo zonse za ku Capital Hill.

Musanaitane aphunzitsi pa Common App mudzafunsidwa ngati mukusiya ufulu wanu wodzaona makalatawo, malinga ndi lamulo la ku America la 1974 lotchedwa FERPA. Vomerani. Kalata imene mwana angathe kuiwerenga amaikayikira kuti wolembayo sanamasuke.

Pali chizolowezi china chimene chimabwera kwambiri ndi akuluakulu otanganidwa: "Kalembe wekha, ine ndidzangosaina." Aphunzitsi ena nawonso amatero. Pewani. Kalembedwe ka munthu kamadziwika. Mawu amene mumawakonda ndi zolakwa zanu za galamala zidzapezeka m'nkhani yanu komanso m'makalata onse atatu, ndipo anthu amene amawerenga mafayilo zikwizikwi sachedwa kuzindikira. Zikadziwika kuti kalata ndi yopeka, malo amalandidwa ngakhale mutafika kale. Kalata yolembetsa ChatGPT nayo imatuluka yosalala koma yopanda kanthu, ngati ya anduna ija. Ngati aphunzitsi akuvutika ndi nthawi, khalani nawo pansi theka la ola, muwakumbutse zochitika, iwo alembe ndi mawu awo. Chingerezi chawo chisakudetseni nkhawa, sakuyesedwa ndi iwo.

Nanga ngati munthu wotchukayo akukudziwanidi? Tinene kuti munagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi mu ofesi ya a MP, mukulemba madandaulo a anthu ndi kulondoloza za mijigo yoonongeka, kapena a bishopu ndi amene ankayang'anira gulu la achinyamata limene inu munkatsogolera. Pamenepo alembe, pa khomo lachitatu lija, ngati kolejiyo ikulola. Muyeso wake ndi uwu: kodi angathe kusimba zinthu ziwiri zimene anakuonani mukuchita, ndi nthawi yake, popanda kufunsa makolo anu? Ngati amene angathe kutero ndi mlembi wawo kapena woyang'anira ofesi, alembe ameneyo. Imodzi ndi yokwanira, ndipo inene zimene aphunzitsi sananene.

Zotsala ndi za makina, ndipo n'zimene zimagwetsa mafayilo abwino. Wotumiza kalata si inu. Mumalemba imelo ya aphunzitsi pa fomu, iwo amalandira linki, amatsegula akaunti yawo n'kukweza kalatayo okha. Linkiyo imakonda kugwera mu spam, ndiye mukangoitumiza aimbireni ayang'ane. Onetsetsani kuti ndi imelo imene amatsegula ndipo pasiwedi akuikumbukira. Pa Masters ndi PhD masukulu ena amakayikira kapena kukana kumene ma imelo a Gmail ndi Yahoo, amafuna ya kuntchito. Ngati palibe, kalatayo ikhale pa pepala la chizindikiro cha sukulu, yosainidwa, yodindidwa, ndipo ikhale ndi nambala ya foni. Isajambulidwe mopendekera ndi foni pa tebulo la mdima, ikhale PDF yowerengeka. Dzina lanu lilembedwe monga liliri pa pasipoti, ndipo kalata ya pa Common App isatchule dzina la koleji imodzi chifukwa yomweyo imapita ku makoleji onse amene mwasankha. Kuwagulira aphunzitsi bandulo kuti akweze kalata si chiphuphu, ndipo ngati kwawo netiweki ndi yovuta, pitani nawo ku tauni kutatsala sabata, osati usiku womaliza magetsi atazima. Amene ali pafupi ndi Lilongwe akhoza kufunsa alangizi a EducationUSA a ku ofesi ya kazembe wa America, amene amathandiza ulere ndipo angathe kufotokozera aphunzitsi anu mmene fomu yawo imadzazidwira. Pa akaunti yanu pamaoneka ngati kalata iliyonse yafika kapena ayi, ndiye muziyang'ana pamenepo kufikira zonse zitasonyeza kuti zatumizidwa.